Galimoto ya Baba Ifike Mvula Isanagwe

Durban
11 Juni 2023

Alamu anga a Jimu,

Landirani moni wochokera kuno ku Durban. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali anga a Ayisha ndi ana. Ine ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti mphepo ya kunyanja yandisweka milomo.

Ndamva kuti pikapu ya malemu Baba, Land Cruiser yakale ija, mwaikoka kuchokera kumudzi ku Ngokwe ndipo yafika pagalaja panu pa Balaka. Zikomo kwambiri. Sinali ntchito yamasewera kusuntha chinthu chimene chakhala pansi pa mtengo wa mango chiikireni Baba m'manda. Mchemwali wanga wamng'ono Asiya anandiuza kuti nkhuku za amayi zimaikira pampando wa dalaivala, ndiye mukapeza mazira ndi anu, malipiro oyamba ndi amenewo.

Ndalemba kalata m'malo mongoimba chifukwa pafoni inu ndi ine timangosekana, mawa n'kumakanirana zimene tinapangana. Che Hamadi, amene amanyamula katundu wa anthu pa lole pakati pa kuno ndi kwathu, ndiwo azititengera makalata pamodzi ndi masipeya.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi. Galimotoyo ibwerere mmene inalili Baba akuiyendetsa. Penti ikhale yomwe ija ya mtundu wa mchenga, bampala yake yeniyeni, magalasi ake enieni. Musadulepo kanthu, musawotchererepo chachilendo. Lamlungu lina kuno ndinapeza azungu ataimika zakale ngati imeneyi pabwalo, zikunyezimira, ndipo ndinaima pamenepo mpaka wina anandiyesa mlonda. Ndinkaona Baba atatulutsa chigongono pawindo, thonje litadzaza kumbuyo, ife atatu titakhala pamwamba pa mabelo. Ndikufuna amayi adzaione choncho ndikadzabwera pa Idi chaka chamawa. Choncho musathamange, masipeya enieni ndizisaka kuno pang'onopang'ono.

Ndine mlamu wanu,
Sidik


Ngokwe
6 Ogasiti 2023

Achemwali anga a Ayisha,

Asalamu aleikum. Muli bwanji ku Balakako, inu, alamu a Jimu ndi ana? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, tsopano kuchoka pakhonde kupita kubafa amagwira ndodo. Mwana wanga Yasmin wakula, akuti chaka chino ayamba sukulu kaya aphunzitsi afune kaya asafune.

Kalatayi akupatsani ndi bambo a Yasmin, Che Abdulwahab, chifukwa nkhaniyi sindinganene pafoni. Mukudziwa kuti kuno foni imagwira pachulu cha kuseri kwa mzikiti basi, ndipo ukakwera pamenepo mudzi wonse umatchera khutu.

Achemwali, ndine woyembekezera. Mwezi wachitatu ukutha. Kuchipatala akuti ndi za Febuluwale, pakati penipeni pa mvula. Ndimayenera kusangalala koma ndili ndi mantha osaneneka. Ndikatseka maso ndimaona Januwale wa chaka chatha: matenda kundiyamba mwezi wachisanu ndi chitatu, dambo litadzaza, ambulansi itaima tsidya lina ikulephera kuwoloka, amuna atandinyamula pachitseko madzi ali m'chifuwa. Pofika ku Liwonde mwana anali atapita kale.

Anamwino andiuza kuti mwezi womaliza ukayamba ndikadikirire ku Liwonde. Koma uja sanadikire mwezi womaliza. Ndipo ndikachoka msanga, amayi ndi Yasmin awasamalire ndani?

Amayi alamula kuti ulendo uno asamve mwamuna aliyense kupatula bambo a Yasmin, makamaka achimwene a Sidik. Mukukumbukira kuti ulendo uja atangomva anauza Amalawi onse a ku Durban, n'kutumiza chikwama chodzaza timalaya ndi tinsapato mwana asanabadwe. Kwathu kuno zimenezo sitichita, ndipo amayi mpaka lero amati timalaya timeneto ndi timene tinaitana tsoka. Ine sindikhulupirira choncho, ndikudziwa kuti linali dambo. Koma sindikufuna kukangana ndi amayi, komanso sindikufuna achimwene adziwe kuti mphatso yawo imanenedwa chotere. Zingawaswe mtima.

Pempho langa ndi ili. Galimoto ya Baba ili pakhomo panu. Baba ankawoloka nayo dambo lomweli madzi akakhala ochepa. Kodi alamu sangaikonze kuti iziwoloka ngakhale atachuluka, n'kufika kuno mvula isanagwe? Akankheni ndithu, koma musawauze chifukwa chake.

Ine mng'ono wanu,
Asiya


Ngokwe
27 Ogasiti 2023

Achimwene a Sidik,

Asalamu aleikum. Tikuthokoza chifukwa cha mabulangete ndi mankhwala opaka a amayi amene Che Hamadi atisiyira. Amayi akuti sikomo kwejinji, Allah abwezere pamene mwachotsapo. Nanga inu muli bwanji, chifuwa chija chinatha? Mukumadya, kapena mukungokhalira buledi ndi tiyi?

Kuno thonje tagulitsa, mitengo yake yosasangalatsa. Chimanga chilipo choti chitifikitse mwina Disembala.

Achimwene, ndamva kuti galimoto mukufuna idzathe pa Idi. Ine ndikupempha kuti ithe chaka chino, ifike kuno Disembala asanalowe. Penti ikhoza kudikira, bola injini ilire ndipo matayala akhale olimba. Musandifunse zambiri, ingondimverani ulendo uno wokha. Chichokereni chanu sindinakupempheni kanthu.

Mchemwali wanu,
Asiya


Balaka
17 Sepitembala 2023

Alamu a Sidik, bwana wa ku Joni,

Moni m'dzina la Ambuye, inu muyankhe m'Chiarabu chanu chomwecho. Kuno tili bwino. Mwana wathu Kevin akulimbana ndi sukulu, sukulu nayo ikulimbana naye.

Bokosi lafika. Mapisitoni ndi magasiketi ndi enieni ndithu, mwagwira ntchito. Injini ndinaitsitsa n'kuiphwasula yonse. Mazira sindinawapeze, koma m'chosefera mpweya munali chisa cha makoswe ndi njere za thonje za m'nthawi ya malemu apongozi anga Che Nasiru omwe. Lachinayi lapitali yalira. Inayamba yatsokomola utsi wakuda mpaka mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi galaja anathawa ndi beseni lake, kenako inakhazikika bwinobwino. Achemwali anu atamva anatuluka m'nyumba chipande chili m'manja, anakhala pa thayala n'kuyamba kulira. Akuti ndi mawu omwe aja ankawadzutsa m'mawa ali mtsikana. Giyabokosi ndi fowilo yokokera matayala onse anayi zilibe vuto, magalimoto akalewa ankawapanga anthu oopa Mulungu. Chatsala ndi mabuleki, mawaya, dzimbiri la pansi ndi penti.

Tsopano pali nkhani. Achemwali anu asanduka kapitawo pagalaja panga. M'mawa uliwonse ndi "Bambo a Kevin, itha liti?" Dzulo anandifunsa ngati galimoto ingayende m'madzi ofika m'chifuwa. Ndinati ingathe, titawonjezera masipuling'i kuti ikwere, titaika matayala a m'matope, n'kuboola madigadi kuti tidutsitse chipaipi chopumira injini chifike kudenga. Akuti ndichite zimenezo. Nditawakumbutsa kuti mwini wake analetsa kudula, ndiwo za tsiku limenelo zinalibe mchere.

Nawonso Che Abdulwahab akumabwera Loweruka lililonse kuti ndiziwaphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira, akuti akufuna layisensi. Ine sindikudziwa chimene chikuphikidwa. Wolamula ndinu.

Mlamu wanu wamafuta m'zikhadabo,
Jimu


Durban
8 Okutobala 2023

Alamu,

Waleikum salamu, poti mwapempha nokha. Kavidiyo ka injini munanditumizira kaja ndakaonera mpaka foni kutentha. Mulungu adalitse manja anuwo.

Koma za kuboola madigadi, iyayi. Za kukweza, iyayi. Chimene chikuphikidwacho ine ndachimva fungo ndili konkuno. Asiya wandilembera kuti galimoto ifike Disembala asanalowe, osanena chifukwa. Mwamuna wake akuphunzira kuyendetsa. Disembala ndi nthawi imene nsomba za ku Chiuta zimakwera mtengo chifukwa njinga zamoto zimakanika m'matope. Mwaona pamenepo? Che Abdulwahab atopa kumanga madengu panjinga yamoto, akufuna galimoto ya Baba izinyamula milamba ndi matemba, ndiye atuma akazi kuti andizungulire. Munthuyo ndimamulemekeza, amasunga bwino mchemwali wanga ndi amayi, koma akanabwera poyera n'kundipempha ngati mwamuna mnzanga.

Ine ndimaima tsiku lonse m'sitolo ya makapeti kuno, kudya kamodzi, kuti chinthu chimodzi cha Baba chioneke ngati mwini wake akadalipo. Sindikuvutikira kuti chizikanunkha nsomba. Bampala ndaipeza kwa mzungu wina wokalamba, penti akundisakanizira. Dikirani zimenezo. Asiya ndimuyankha mtima ukatsika.

Sidik


Balaka
5 Novembala 2023

Asiya mng'ono wanga,

Uli bwanji, miyendo yasiya kutupa? Usamasenze ndowa, amuna ako ali ndi mutu nawonso.

Ndaphwanya lamulo la amayi, ndipo udzawauze kuti ndine, asakukalipire iwe. Sidik wakana zonse. Akuganiza kuti amuna ako akufuna galimoto ya nsomba. Bambo a Kevin atandiwerengera kalatayo ndinapsa mtima, ndinafuna kumuimbira n'kumukhuthulira zonse kuyambira pa timalaya tija. Koma foni yake sikugwira. Che Hamadi akuti achifwamba anamulanda akuchokera kuntchito, mwamwayi sanamuvulaze. Mwina Allah anachita dala kuti pakamwa pangapa pasawononge zinthu.

Ndiye ndawauza bambo a Kevin. Tinali pa chakudya chamasana. Ndinangoti, "Asiya ali ndi pakati, ndi za Febuluwale, ndipo dambo ndi lomwe lija." Anasiya kudya, anasamba m'manja, n'kundifunsa kuti, "Nanga miyezi yonseyi mumandizunguliranji, mayi a Kevin? Si ine ndinakhala panja pa wodi ku Liwonde tsiku anataya mwana lija?" Ndinati nanga Sidik titani naye? Iwo anati, "Za mlamu wanga wamkazi si zanga kuzinena. Amayi analetsa, ndiwalemekeza. Koma galimoto ndiidula. Sidik akakwiya akwiyire ine, nkhope yangayi inapsa kale ndi moto wowotcherera."

Mwamuna ameneyu ndakangana naye zaka zonsezi za Lachisanu ndi Lamlungu, koma tsiku limenelo ndinamuyang'ana akupita kugalaja ndipo ndinathokoza kuti ndinakwatiwa pano.

Za njinga yamoto wamva kale. Ndinawaletsa amuna ako kuti asagulitse, iwo anati njinga idzagulidwa ina, matayala akufunika lero. Umusunge munthu ameneyo. Uyeze matiresi ako aang'ono aja ndi chingwe, m'litali ndi m'lifupi, umange mfundo, utumize chingwecho. Bambo a Kevin akufuna kuwotcherera denga kumbuyo kuti uzikagona posanyowa.

Mkulu wako,
Ayisha


Balaka
26 Novembala 2023

Alamu a Sidik,

Moni. Pepani ndi za foni, tithokoze Mulungu kuti anatenga foni n'kusiya munthu.

Kalata iyi sindiyamba ndi nthabwala. Ndaphwanya mawu anu. Madigadi ya kumanja ndaboola, chipaipi chakwera m'mbali mwa galasi mpaka kudenga. Masipuling'i ndawonjezera, galimoto yatalika moti achemwali anu akumaponda pa kampando kuti akwere. Matayala ndi a mano akuluakulu. Kumbuyo ndawotcherera zitsulo n'kukuta ndi lona. Penti sindinapake, ili ndi zigamba zotuwa thupi lonse, ndipo kunena zoona ndi yonyansa. Bampala yanu yafika, ndaikulunga m'bulangete, ili pansi pa bedi lathu. Mapepala a pamsewu atuluka, Che Abdulwahab layisensi apeza. Loweruka ndikukaisiya ku Ngokwe.

Ndikudziwa kuti kwa inu galimotoyi si chitsulo chabe. Ndisanayambe kudula ndinaizungulira kawiri, ine amene ndadula magalimoto osawerengeka. Chifukwa chimene ndachitira zonsezi ndikuchidziwa koma sindingakuuzeni, si changa. Chimene ndinganene n'chakuti si nsomba. Ndakhala m'banja mwanu nthawi yaitali, inu Asilamu ine Mkatolika, ndipo simunandigwirepo bodza. Ndikhulupirireni mpaka mvula ithe. Ikatha, mukafuna, ndidzachotsa zonse n'kutseka bowolo, ngakhale chipsera chidzaonekabe.

Mlamu wanu,
Jimu


Durban
10 Disembala 2023

A Jimu,

Kalata yanu ndalandira. Moni ndilibe.

Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, ndinachita kuchilemba kuti tisadzakanirane, ndipo ndi chomwecho mwachita. Mukuti si nsomba koma simukunena kuti n'chiyani. Ndiye kuti pabanja pathu pali nkhani imene mkamwini uyu akuidziwa, mkamwini uyo akuidziwa, koma ine mwini mbumba ndine wongotumiza mabokosi. Chimenecho chandipweteka kuposa bowolo.

Kalatayi ikangofika mukaitenge galimotoyo ku Ngokwe, muitsekere m'galaja, makiyi mupatse Che Hamadi abwere nawo kuno. Isayendenso mpaka nditabwera. Ngati pali wina ali ndi chondiuza, nambala yanga yatsopano ndalemba kuseri kwa pepalali. Ine sindiimbira munthu.

Sidik


Ngokwe
31 Disembala 2023

Achemwali a Ayisha,

Asalamu aleikum. Tilipo, ndipo mwana akusewera m'mimba moti ndikumalephera kupemphera nditaima.

Muwathokozenso alamu. Tsiku lija anafika ndi galimoto sindinathe kulankhula bwino, anthu anachuluka. Atapita, amayi anatenga ndodo yawo, anayenda okha mpaka pansi pa mango, anaizungulira pang'onopang'ono akugwiragwira zigamba zija. Anati, "Yaipa nkhope ngati mwini wake atadwala nthomba, koma mawu ndi omwe aja." Kenako anapempha kuti tiwakweze pampando wa kutsogolo, anakhala momwemo mpaka nthawi ya pemphero la Asiri, dzuwa litapendeka. Za kuti munawauza alamu sanakalipe. Anangoti mkamwini amene wasunga pakamwa chotere ndi mwana wa m'nyumba.

Mvula yayamba mwamphamvu. Dambo lili m'mawondo. Bambo a Yasmin amailiza galimoto m'mawa uliwonse, ndipo dizilo wa m'chigubu sakulola munthu kumukhudza. Tsopano ndikumagona tulo.

Chondidandaulitsa ndi achimwene. Kalata yanga ya Ogasiti sanayankhe mpaka lero, ndipo Che Hamadi sakuoneka. Kodi kumeneko mwamvako kanthu? Ndikuona ngati ndawabera chinthu chawo, ndipo zikundiwawa.

Asiya


Liwonde
25 Januwale 2024

Alamu a Sidik,

Kalata yanu ya Disembala yandipeza dzana. Lole ya Che Hamadi inafera ku Tete, anakhala kumeneko mwezi ndi kanthu akudikira sipeya, makalata onse ali m'chikwama chawo. Nambala yanu tinalibe, timangoti mwatinyanyala. Ndaiwerenga kawiri. Ikanafika pa nthawi yake sindikudziwa kuti ndikanatani, chifukwa galimoto ndi yanu ndipo mawu anu anali omveka. Ndikuthokoza Mulungu kuti sanandiyese ndi funso limenelo.

Sindikuimbirani kaye. Ndajambula ndi foni kalata iyi ndi ya Asiya kuti zifike lero, yake ikubwera pambuyo pa iyi. Khalani pansi musanawerenge.

Jimu


Liwonde
25 Januwale 2024

Achimwene a Sidik,

Asalamu aleikum. Ndikulemba ndili pabedi m'chipatala, musadabwe ndi zilembo zokhotakhota. Mbumba yanu yakula. Lachisanu lapitali ndabereka mwana wamwamuna. Wabwera mwezi wake usanakwane, ndi wamng'ono, koma ali moyo ndipo akuyamwa. Alhamdulillah.

Ichi ndi chimene tinakubisirani. Amayi analetsa kuti musamve, poopa za ulendo uja, pamene nkhani inafala ndipo zovala zinagulidwa mwana asanabadwe. Musawakwiyire, ndi mantha a munthu amene anataya mdzukulu. Ine ndinatsatira chifukwa nanenso ndinali ndi mantha anga.

Mvula inali itagwa masiku angapo osakata. Matenda anandiyamba m'mawa ndikusesa. Pachipatala chathu chaching'ono anamwino atandiyeza anati mwana wagona mopingasa, tithamangire ku Liwonde, koma ambulansi singafike. Anakwera nafe okha kumbuyo atagwira botolo la diripi m'mwamba, ine nditagona pa matiresi pansi pa lona. Padambo tinapeza anthu ataima m'mphepete ndi njinga zawo, ena akukuwa kuti tibwerere. Bambo a Yasmin anatsika, analowa m'madzi wapansi mpaka m'chifuwa kufufuza njira ndi mapazi monga anawaphunzitsira alamu, anabwerera, anati Bismillah, n'kulowetsa galimoto. Achimwene, madzi ndinkawamva akumenya pansi pa msana wanga, ena analowa n'kunyowetsa matiresi. Ine ndinkangomvetsera injini, ndikudziwa kuti ikazima ndiye kuti zachitikanso. Sinazime.

Tisanafike ku Nselema tinatitimira m'matope pafupi ndi mzikiti wina, nthawi imene anthu amatuluka ku Juma, pemphero la Lachisanu. Amuna amene sitikuwadziwa n'komwe anavula nsapato, analowa m'matope ndi mikanjo yawo yoyera, anakankha mpaka tinatuluka. Sanafunse kuti ndife a kwa yani. Kuno anandichita opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo adokotala anati tikanachedwa pang'ono tikanapita tonse awiri.

Galimoto yanu taiwononga maonekedwe, ndikudziwa, ndipo ndikupepesa. Koma injini imene sinazime ija ndi ya mapisitoni amene inu munagula ndi njala yanu ya ku Durban. Sikomo kwejinji, achimwene, mawu ena ndilibe. Mawa timupatsa dzina, bambo ake asankha Abdulrahim. Amayi akuti tsopano mukhoza kuuza Durban yense.

Mchemwali wanu,
Asiya


Durban
26 Januwale 2024

Alamu anga a Jimu, ndi iwe Asiya, muwerengere limodzi.

Waleikum salamu. Ndinawerengera m'chipinda chosungira makapeti. Sindinakhale pansi monga munanenera, koma pofika pakati pa kalata ndinali nditakhala pa mulu wa makapeti. Abwana anandipeza ndikulira, anayesa kuti kwathu kwagwa maliro. Nditati iyayi, kwabadwa mwana, anandiuza kuti ndipite ndikapume ndisananyowetse katundu wawo.

Alamu, kalata ya Disembala ija muyatsire mbaula. Ndikaganiza kuti lole ya Che Hamadi ikanayenda bwino makiyi akanakhala m'thumba mwanga muno Lachisanu lija, ndimathokoza Allah kuti inafera ku Tete. Munasenza mkwiyo wanga osadziteteza, n'kusunganso ulemu wa amayi. Ndilibe chokulipirani. Bowolo musatseke. Bampala ija mugulitse, mugule winchi yodzikokera m'matope ndi chingwe chake, chifukwa si tsiku lililonse limene padzapezeke anthu otuluka ku Juma. Galimoto ikhale ku Ngokwe, ndipo mayi aliyense wa m'mudzimo amene nthawi yake yakwana akwere osafunsidwa kanthu. Che Abdulwahab ndiwaimbira ndekha, ndili ndi mawu oti ndibweze. Masiku opanda odwala anyamule nsomba mmene angafunire, njinga yawo inalowa m'matayala omwewo. Achemwali a Ayisha ndikudziwa kuti akundisungira mawu, ndiwalandira onse.

Amayi sindikuwakwiyira. Za zovala zija zandipweteka, sindibisa, ine ndinkayesa ndikuchita zabwino. Koma zandipwetekanso kuti Asiya unanyamula mantha onsewo miyezi yonseyi, ine ndili kalikiliki kusankha mtundu wa penti. Undikhululukire kuti kalata yako sindinayankhe.

Wandiuza kuti ndi wamng'ono, kuti akuyamwa, wandiuza ndi dzina lomwe. Chimodzi sunandiuze. Ulendo uja amayi ananditumizira mawu amodzi okha, kuti mwana sanalire. Mawu amenewo ndakhala nawo zaka ziwiri, ndipo sindinauzepo munthu mmene amandivutira. Nanga uyu akulira?

Sidik


Liwonde
27 Januwale 2024

Achimwene,

Akulira. Anamwino akuti sanaonepo kamwana kochepa chonchi kaphokoso chotere, ndipo mayi wa bedi loyandikana ndi langa wapempha kuti amusamutse. Ine sindimutonthoza msanga. Ndimayamba ndamusiya pang'ono kuti ndimvetsere.

Asiya